Tcheni, kolala ya magetsi, kufula kapena kuphunzitsa: chimathetsa kuuwa kwa galu n'chiti?

Kuno ku Salima galu timawetera ulonda, choncho palibe amene amafuna galu wosauwa. Wovuta ndi uja wouwa chilichonse: wakabaza akadutsa, mbuzi ikalira, asodzi a ku Senga Bay akamabwerera kwawo mbandakucha. Galu wotere salondera, chifukwa tsiku lomwe wakuba adzalowedi, eni nyumba adzangotembenuka n'kupitiriza tulo.

Ambirife timathamangira tcheni ndi chikwapu. Sizidya ndalama, koma pa njira zonse iyi ndiyo yoipitsitsa. Galu womangidwa tsiku lonse patsinde pa mango amasowa kothera mphamvu, ndiye usiku amazithera pa kuuwa. Mukatuluka n'kumukalipira, iye amayesa mukumuthandiza phokosolo. Mukamumenya amakhala duu kwa kanthawi, kenaka mantha amamusandutsa woluma, ndipo olumidwa kawirikawiri amakhala ana.

Kolala ya magetsi, yomwe imamugwira shoko akauwa, imamukhalitsa chete msanga. Koma siisiyanitsa wakuba ndi mbuzi, imalanga ngakhale kuuwa kuja mumakufuna. Chomanga pakamwa chothina ndiye musayerekeze n'komwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Galu amaziziritsa thupi potulutsa lilime n'kumapuma mwawefuwefu, ndipo kumutseka pakamwa pa kutentha kwa kunyanja kuno kungathe kumupha.

Kufula kumathandiza ngati gwero ndi galu wamkazi wapafupi. Wamkazi amafuna amphongo pafupifupi kawiri pachaka, kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo masiku amenewo amphongo a mudzi wonse sagona. Wofulidwa amachepetsa kuyendayenda ndi kulira kotere. Funsani alangizi a ziweto, kapena a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira zinyama ku Lilongwe, amene amagwira ntchitoyi. Kungoti kuuwa anthu odutsa pamsewu sikutha ndi kufula.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yofuna khama. Dzuwa likapepa, mumasuleni muyende naye mpaka atope. Adye nsima ya mgaiwa ya usipa wokwanira, madzi asamasowe, ndipo mufufuzeni m'makutu ndi m'khosi, poti nkhupakupa ndi utitiri sizimugonetsa. Mipata ya mpanda yomwe amasuzumirira kumsewu itsekeni ndi udzu kapena mphasa yakale. Chomwe sakuchiona sachiuwa kwambiri.

Kenaka muphunzitseni mawu amodzi okha. Akauwa kawiri katatu, pitani mukaone chomwe waona, nenani "chete" kamodzi ndi mawu otsika, n'kumuyandikizira kausipa pamphuno. Sangathe kununkhiza ndi kuuwa nthawi imodzi. Akangotseka pakamwa, mupatseni. Mawa dikirani pang'ono musanamupatse, mkuja onjezerani nthawiyo. Apa pamafunika kumvana pakhomo: bambo akamati "chete", mayi "basi", ana n'kumamugenda, galu sagwirapo kanthu. Zimatenga milungu, osati tsiku limodzi ngati kolala ija, koma mumatsala ndi galu amene akauwa usiku mumadzuka.

Pali kuuwa kwina kosafuna njira zonsezi. Mawu akasasa mwadzidzidzi, dovu likuchucha, galu akuluma chilichonse kapena akulephera kumeza, chingakhale chiwewe. Musamupise dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwa ndi fupa. Mutsekereni, chotsani ana, itanani a zaziweto. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.