Mabuku achikondi oseketsa a pa kaunjika, Dedza boma

Amene mumakonda nkhani zachikondi zoseketsa ndipo muli kuno ku Dedza, pali bambo ena amene amayala mabuku akale pamsika wa pa boma. Ndakhala ndikugula kwa iwo kuyambira nyengo yozizira yapitayi.

Mabukuwa ndi a Chingerezi, owerengedwa kale kunja. Ambiri ndi a Mills & Boon, kampani ya ku London yomwe inayamba mu 1908, ang'onoang'ono aja olowa m'chikwama cha m'manja. Mtengo ndi wabwino, ndipo ukabweza lomwe wamaliza amakuchotserako pa lina. Amadziwanso katundu wawo. Ukagwira lolakwika amakuuza kuti, "Mayi, ilo ndi lomvetsa chisoni, inu paja mumafuna loseketsa, tengani ili."

Nkhani zake zimafanana, zimenezo sindingabise. Pena ndi awiri odana kuntchito omwe mapeto ake akondana, pena mtsikana wapempha mnzake kuti anamizire chibwenzi popita ku ukwati wa mchemwali wake, pena ndi mnyamata woti akangomva za banja thukuta kamukamu. Umadziwiratu kuti akwatirana, koma umasekabe. Chomwe chimandigwira mtima n'choti anthu a m'nkhanizi amalankhulana. Mkazi amafunsa maso ndi maso kuti kodi chibwenzi chathuchi chikulowera kuti, ndipo mwamuna amayenera kuyankha. Ndikudziwa atsikana ambiri amene akhala pachibwenzi zaka, mnyamata osatchulako zokaonekera kwa amalume, iwo n'kumaopa kufunsa kuti angaoneke ngati akudzigulitsa. Mng'ono wanga ndinam'bwereka limodzi dala chifukwa cha chimenechi.

Pomwe mabukuwa amandikhumudwitsa ndi pothera. Mnyamata wagwada, mphete yavalidwa, buku latha. Abale ali kuti? Kwathu kuno pamenepo m'pamene nkhani imayambira. Pali ankhoswe a mbali zonse, pali kukambirana ngati mwamuna akakhale chikamwini kapena mkazi apite ku chitengwa, pali apongozi oti uwazolowere. Tsiku la chinkhoswe lokha lingadzaze buku lathunthu loseketsa: atsikana kubwera atafunditsidwa zitenje kuti mnyamata aloze wake, akuchimuna kupereka tambala, akuchikazi kupereka msoti, azakhali kulimbirana kufupa. Ndimalakalaka mlembi wa kwathu atalemba zotere m'Chichewa, zochitikira ku Bembeke kapena ku Lizulu, chifukwa kukhalitsa kwa banja kumaonekera m'zimenezi, osati pa mphete yokha.

Zodandaula zina ndi ziwiri. Mabuku ena amakhala atathothoka masamba akumapeto, ena akununkha chinyezi, choncho tsegulani kumbuyo musanalipire. Langa lina linalibe mutu womaliza, koma nditabwerera anandisinthira osavuta.

Chachiwiri n'chachikulu. Ena mwa mabukuwa pachikuto amaoneka osalakwa, maluwa ndi anthu akumwetulira, koma m'kati muli za kuchipinda zolembedwa mosabisa. Ndaonapo atsikana ovala yunifolomu akugula omwewo. Boma lino ndi kwawo kwa malemu Inkosi Theresa Kachindamoto omwe anatchuka pothetsa maukwati a ana, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limati munthu akwatiwe atakwana zaka 18. Sizikundikomera kuti ana a fomu 1 azitola nkhani za akuluakulu pamulu umodzi ndi mabuku a sukulu. Ndinawauza bambowo ndipo anamvetsera mwaulemu, koma mpaka pano mabuku akadali osakanikirana.

Kwa akuluakulu ndikuti pitani mukagule. Chingerezi chake n'chosavuta, wa JCE atha kutsatira, kupatula nthabwala zina za ku America zomwe zimangodutsa. Makolo, yambani mwaliwerenga nokha musanalisiye pabalaza.