Christmas cactus patatha chaka: mawanga akuda, ufa wachikasu ndi mphika wopanda bowo

Mlamu wanga wa ku Chirimba wandifunsa ngati angakagule duwa la Christmas cactus kwa bambo omwe ndinagulako langa. Yankho lake silikwana pa WhatsApp, ndiye ndati ndilembe pano kuti ena omwe amalisirira m'mbali mwa msewu amve nawo. Langali lakhala m'nyumba kupitirira chaka, laona dzuwa la Okutobala, mvula ndi chiperoni chomwe.

Ndinaligula muno mu Blantyre pa K15,000, pamodzi ndi mphika wake wapulasitiki wopaka utoto wagolide. Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Lilibe minga yobaya ana. Silidya feteleza wambiri. Pawindo loyang'ana kum'mawa limakhala mosangalala, ndipo mukapita kumudzi kwa sabata mumalipeza lili moyo.

Vuto linayamba mvula itakhazikika mu Januwale. Pa timasamba take tophwatalala tija, tomwe kwenikweni ndi tsinde lolumikizana mfundomfundo, panatuluka timadontho tabulauni tooneka ngati tanyowa. Pasanapite nthawi tinada bii, n'kulowa m'kati, ena n'kukumana kukhala bala limodzi lalikulu. Ndinathyola kanthambi kamodzi n'kupita nako kwa ogulitsa aja. Anangokayang'ana kamodzi n'kuti, "Amayi, ichi ndi chiwawu, chomwe chija cha tomato." Anatulutsa ufa wachikasu womanga m'kapepala kapulasitiki, kopanda chizindikiro chilichonse, n'kunena kuti ndi mancozeb. K3,000. Akuti ndisungunule supuni imodzi m'botolo, ndizipopera sabata iliyonse, mawanga atha.

Ndinapopera monga ananenera, panja pakhonde, manja nditavala magolovesi chifukwa ufawu si wosewera nawo. Duwa linangosanduka lotuwa ndi fumbi lachikasu, koma mawanga akale ali pompo, atsopano akubwerabe. Apa ndi pomwe ndinakwiya, ndipo ndikanalemba nthawi imeneyo ndikanauza aliyense kuti duwali n'lotaya ndalama.

Mancozeb payekha alibe mlandu, alimi a tomato ndi mbatatesi amamudziwa bwino ntchito yake. Kungoti ndi mankhwala oteteza. Amakhala pamwamba pa tsamba n'kuletsa fangasi kumera pomwe sanalowe, koma salowa m'kati mwa chomera kukapha zomwe zakhazikika kale. Ndipo pamene pada pafa basi, palibe mankhwala omwe angapabwezere kubiriwira. Ogulitsa sanatchule zimenezi. Komanso ufa wosamutsidwa m'paketi yake sudziwika kuti wakhala nthawi yaitali bwanji, pomwe mancozeb amatha mphamvu akakhala pachinyontho.

Mu Febuluwale nthambi yathunthu inagwa yokha, patsinde pake pali pofewa tapsa! Ndinazula duwa lonse kuti ndione za pansi, ndipo zomwe ndinapeza ndi zomwe zandilembetsa zonsezi. Mphika wagolide uja unalibe bowo ngakhale limodzi. Malo oboola analembedwa pansi pake, koma palibe anawaboola. Pamwamba panali kadothi kakuda kokongola kosapitirira chala chimodzi, pansi pake katondo yekhayekha, wofiira, womata, wonunkha chithaphwi. Mizu yomwe imayenera kukhala yoyera inali yabulauni, yoterera, ukaikoka n'kumasupuka.

Anthu akamva kuti cactus amaganiza za chipululu. Ili ayi. Dzina lake la sayansi ndi Schlumbergera, ndipo kwawo ndi kumapiri a kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, m'nkhalango zachinyezi za chigawo cha Rio de Janeiro ndi zoyandikana nazo. Kumeneko limamera pa nthambi za mitengo ndi pamiyala, mizu yake itagwira ndere (moss) ndi masamba owola. Mvula ikagwa madzi amangodutsa. Ndiye mizu yotere mukaiika m'katondo, mumphika wosatuluka madzi, mwaiitanira tizilombo towoletsa mizu ndi tsinde monga Pythium, Phytophthora ndi Fusarium. Ine ndinkapopera pamwamba, matenda ali pansi.

Chomwe chinapulumutsa duwali ndi ntchito ya manja. Mfundo zonse zamawanga ndinazichotsa pozipotokola pa cholumikizira penipeni, chifukwa bala la pamenepo limakhala laling'ono ndipo limauma msanga. Pofunika lezala ndinkalipukuta ndi spiriti ndikangodula, kuopa kusamutsa matenda. Zodwalazo zinapita pamoto, osati padzala la manyowa. Mizu yowola ndinaidula, ndipo nthambi zabwino, za mfundo ziwiri kapena zitatu, ndinaziyanika pamthunzi masiku angapo kuti mabala aume ndisanazibzale. Ndinagula mphika wadothi woboola pansi, wocheperapo, n'kusakaniza makungwa a paini ophwanyaphwanya, mchenga wokhakhala wa kumtsinje, zinyenyeswa za makala zotsalira pansi pa thumba, ndi manyowa owolerana pang'ono chabe. Kuthirira ndimayamba ndapisa chala: ngati pamwamba padakali chinyezi, ndimadikira. Madzi ndimathira padothi, m'mawa, osanyowetsa nthambi, ndipo otsikira m'mbale ya pansi ndimataya. Windo ndimatsegula kuti mphepo izidutsa. Kuyambira pamenepo mawanga olowa m'kati aja sanabwererenso.

Miyezi imeneyi yandiphunzitsanso kuti si dontho lililonse lofuna mankhwala. Mu Okutobala dzuwa likalowa pawindo molunjika, nthambi zimafiirira ngati zapepo. Mukalisuntha kupita pamthunzi zimabwerera. Pali timatuza touma ngati nkhanambo tomwe timabwera chomera chikamwa madzi ochuluka kunja kuli mitambo, koma timeneti sitifalikira. Kuda kwina n'kwa chuku chomera pa timadzi totsekemera ta kodikodi, tizilombo toyera ngati thonje tobisala m'mfundo. Kumeneko mukapukuta ndi kansalu konyowa kumachoka, ndipo kodikodiyo mumamupukuta ndi thonje loviika mu spiriti. Choopsa ndi banga lofewa, lonyowa, lomakula, makamaka pafupi ndi dothi.

Pali nkhani inanso. Pogula anandilonjeza maluwa pa Khrisimasi, ndipo Disembala inadutsa popanda ngakhale kamphukira. Ndinaziika pa mndandanda wa mabodza a ogulitsa. Kenaka kumapeto kwa Meyi, kuzizira kutayamba, kunsonga kwa nthambi zomwe ndinapulumutsa zija kunatuluka timikanda tapinki. Mu Juni, chiperoni chili waa panja, linachita maluwa ataliatali olendewera, ena pamwamba pa anzawo, moti alendo ankafunsa ngati ndi apulasitiki. Duwali limaphukira usiku ukatalika kufika maola 12 kapena kupitirira, kunja kukuzizira. Ku Ulaya ndi ku America nyengo imeneyo ndi Novembala ndi Disembala, pomwe kuno kum'mwera ndi Meyi mpaka Julayi, n'chifukwa chake ku Brazil amalitcha Flor de Maio, kutanthauza duwa la Meyi. Nyale yowala usiku wonse imalisokoneza, ndiye ndikhulupirira kuti kuzimazima kwa magetsi kunandigwirira ntchito kamodzi m'moyo. Chenjezo n'lakuti mphukira zikaoneka musamalisunthesunthe, zimayoyoka, ndipo maluwa ofota muzichotsa msanga chifukwa m'chinyezi cha chiperoni amagwira chuku chotuwa.

Mu Juni muja ndinawakhululukira ogulitsa aja mumtima. Koma nditakhala pansi n'kuwerengera, chikhululukiro chinachepa. K15,000 ya duwa, K3,000 ya ufa, K6,000 ya mphika watsopano: K24,000, pa chomera chomwe chimamera kuchokera ku kanthambi kopempha kwa mnansi. Ndiye kwa inu alamu, ndi ena nonse: duwalo ndi labwino, limakhala zaka zambiri likasamalidwa, koma musalipire mphika musanautembenuze n'kuona pansi, ndipo pisani chala m'dothi mpaka pansi ogulitsa akuona.

Mphika wagolide uja ndinabwerera nawo kukawaonetsa. Sanakane kuti ulibe bowo. Anati makasitomala ambiri sakonda mphika wodontha patebulo, ndipo maluwa ndi zamoyo, sangabweze ndalama. Za ufa anati mwina ndinathira wochepa. Sitinakangane, ndi bambo aulemu ndithu, ndipo malonda a m'mbali mwa msewu masiku ano ndi owawa, koma K3,000 ija inandikhala pakhosi.

Sabata yathayi ndinawaonetsa chithunzi cha maluwa a mu Juni pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa ngati ndingawapatseko nthambi zomera kale mizu kuti azigulitsa, poti awo onse anawola ndi mvula. Ndinati ndili nazo, K3,000 imodzi. Anaseka n'kuti amayi mwakhwima, andipatse K1,500. Ndawauza kuti ayambe aboola miphika yawo, za mtengo tikambirana Loweruka.