Tepi, chingwe kapena ndowa: thanki yanu imalowa malita angati?

Nyengo ya nazale za fodya ikafika kuno ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama nkhani imakhala ya madzi. Ine chaka chatha ndinamangitsa thanki yozungulira ya njerwa kudimba. Mmisiri anaizunguliza chingwe kunja, n'kupeza mamita 6.3, kutalika 1.5, nandiuza kuti mulowa malita pafupifupi 5,000. Ndinakondwa. Kenako madzi ankatha msanga, ine n'kumaganiza kuti ikudontha kapena wina akutunga usiku. Ayi ndithu, vuto linali kayezedwe. Ndiye ndinayesa njira zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito, pa thanki yomweyo.

Yoyamba ndi ya kusukulu ija: tengani theka la kukula kwa pakamwa, mulichulukitse ndi lokha, kenako ndi 3.14, kenako ndi kuya kwake. Yanga m'kati ndi mamita 1.6, theka lake 0.8. Ndiye 0.8 × 0.8 × 3.14 × 1.5 zikupereka makyubiki mita 3.014. Kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, choncho thankiyo ndi ya malita 3,014 basi. Njirayi siinama, koma ili ndi msampha. Mukaiwala kugawa pawiri, n'kuika 1.6 pamalo pa 0.8, yankho limakula kanayi, mumapezeka mukuuza anthu kuti muli ndi malita 12,000. Mwana wa mlongo wanga wa Fomu 2 anagwa m'mbuna yomweyi ndikuona.

Amisiri ena ali ndi chidule chimene ndimachikonda kuposa cha kusukulu. Sagawa chilichonse. Amayeza pakamwa ponse, 1.6 × 1.6, n'kuchulukitsa ndi kuya, kenako ndi 0.785. Yankho ndi lomwe lija, chifukwa 0.785 ndi 3.14 yemweyo atagawidwa kanayi. Ubwino wake ndi woti nambala imene mwawerenga pa tepi ndi imene mukulemba. Chovuta ndi kayezedwe: tepi iyenera kudutsa pakati penipeni, ndipo thanki zathu zomanga pamanja sizizungulira bwino ngati mbale. Yezani kawiri mopingasa, mutenge nambala ya pakati. Apa m'posafunika ulesi, chifukwa mukaphonya ndi masentimita 10 pakamwa, pa thanki ngati yanga mwasokoneza malita pafupifupi 390, pamene kuphonya komweko pa kuya ndi malita 200 okha.

Tsopano chingwe, chimene chinandipusitsa ine. Mumazunguliza kunja, nambalayo n'kuichulukitsa ndi yokha, kenako ndi kutalika, kenako ndi 0.08. Mmisiri uja anachita 6.3 × 6.3 × 1.5 × 0.08, n'kupeza malita 4,760, amene pondiuza ine anasanduka 5,000. Masamu ake anali olondola, koma anayezera limodzi ndi khoma. Njerwa ndi pulasitala zinadya masentimita 20 mbali iyi ndi 20 mbali inayo, ndiye malita oposa 1,700 anali njerwa zokhazokha. Ndowa za malita 20 zoposa 80 zimene sizinakhaleko n'komwe! Sindikuti chingwe n'chachabe. Pa mgolo, pa thanki ya pulasitiki kapena nkhokwe ya malata, pamene khoma ndi lopyapyala ndipo pamwamba ndi potseka, palibe njira yochiposa. Pa njerwa, gawani kaye nambalayo ndi 3.14 kuti mupeze kukula kwa kunja, muchotse makoma awiri, mubwerere ku chidule cha 0.785. Ndipo chingwe chikhale chosatamuka. Mphira wa matayala ayi.

Za foni sindichedwapo. Kuwonkhetsa imawonkhetsa bwino, koma imadya chimene mwaipatsa. Mapulogalamu ena amafuna theka la pakamwa, ena pakamwa ponse, ndipo ena amayankha m'magaloni, pomwe galoni ya ku America ndi malita 3.785 ndipo ya ku Britain ndi 4.546. Mukasakaniza masentimita ndi mamita, siidzakuchenjezani.

Yotsala ndi ya agogo, yothira ndi ndowa n'kumawerenga. Anthu amaiseka, ndipo kunena zoona ndani angatunge ndowa 150 dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, osasokoneza chiwerengero? Komanso ndowa ya malita 20 siifika yodzaza, madzi ena amatayikira m'njira. Koma simufunika kudzaza thanki yonse. Thirani ndowa 10 zodzaza bwino, amenewo ndi malita 200, muviike ndodo muone pamene madzi afika. Kwanga anakwera masentimita 10. Kuya kwa thankiyo ndi masentimita 150, omwe ndi masentimita 10 kokwana ka 15, ndiye 15 × 200, malita 3,000. Taonani mmene zayandikirana ndi tepi ija, popanda 3.14 aliyense. Njirayi siisamala kuti khoma ndi lokhuthala bwanji kapena kuti thanki inapindika pang'ono, bola makoma akhale oongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pa chitsime chokumba ndi manja, chotakasuka pamwamba n'kuning'a pansi, siithandiza, ndipo madzi ake amalowerera m'dothi. Pa mgolo wogoneka chammbali imanamanso, chifukwa pamimba pake sentimita imodzi imanyamula madzi ambiri kuposa pansi.

Mukandifunsa kuti ndisankhe, pa thanki yotsegula ndimatenga tepi ndi 0.785, pa yotseka ndimatenga chingwe, koma ndikafuna kutsutsana ndi munthu amene ndikumulipira ndimatenga ndowa, poti iyo aliyense amaona ndi maso ake. Ofuna kudziwa za chimanga, kyubiki mita imodzi imalowa matumba a makilogalamu 50 pafupifupi 14 a chimanga chotonola chouma. Cha m'zitsononkho musachiwerengere choncho, mipata imachuluka.

Ndodo ija ndinaisunga. Ndinaidula timizere pa masentimita 10 aliwonse, kamzere kalikonse malita 200. M'mawa ndikaiviika ndimadziwiratu ngati madzi akwanira nazale ndi tomato yemwe, kapena ngati tomato adikira madzulo.