Phiri la pakhoma langa layamba kumatuka m'munsi

Alamu anga a ku Luchenza anandiimbira dzulo kufunsa ngati angaitane mnyamata amene anandijambulira phiri la Mulanje pakhoma la lesitilanti yanga kuno ku Chitakale. Ndinati, "Alamu, dikirani kaye ndikaone khomalo." Nditatuluka ndinapeza mvula ya usiku yagwetsanso zidutswa za penti wobiriwira pansi, ngati masamba a tiyi enieni.

Papita miyezi 9 chijambulireni. Khomalo ndi la mamita 9, ndipo ntchito inatenga masabata atatu mu June. Luso lokha ali nalo, ndisaname. Anayamba wajambula papepala, kenako analemba timabokosi pakhoma ndi choko ndi chingwe kuti chilichonse chikhale pamalo pake. Anayambira kumwamba: mitambo, mapiri akutali otuwa pang'ono, kenako thanthwe la Chambe mmene limaonekera ukakhala ku Likhubula. Mkungudza ulipo, mathithi alipo, ndipo pakona ndinamuuza alembe Sapitwa ndi mamita ake 3,002. Zonsezi zikadali bwino, kupatula thambo lomwe lafwifwa pang'ono ndi dzuwa.

Vuto lili m'munsi, pomwe anajambula munda wa tiyi ndi amayi othyola atabereka madengu. Ndi pomwe ndinkapakonda kwambiri. Mvula itangoyamba mu November, penti anayamba kutupa timatuza. Ukaboola ndi chikhadabo, mkati mumatuluka fumbi loyera ngati ufa. Pofika pa Khirisimasi, mayi mmodzi wothyola tiyi anali atatsala mutu ndi dengu basi, miyendo itapita. Makasitomala mpaka anamupatsa dzina loti "wa ku Sapitwa", ati mizimu yamutenga.

Amisiri ena omanga atabwera kudzadya nsima anandifotokozera. Khomalo kale linali la laimu, ndipo mnyamatayo anangopala mwapatalipatali n'kupaka penti wa madzi pamwamba. Penti pa laimu sagwira. Chinanso, tinapenta nthawi ya chiperoni, khoma lisanaumitsitse. Komanso malata anga alibe gata, ndiye madzi akagwa pansi amathovukira kukhoma, chinyezi n'kumakwera ndi mchere wa m'njerwa womwe umakankha penti. Za gatazo ndi mlandu wanga, ndavomera. Koma za laimu? Munthu wodya za penti tsiku ndi tsiku akanandichenjeza.

Ndinamulipira K420,000, osawerengera penti yemwe ndinakagula ndekha ku Limbe. Ndipo ndinapereka zonse tsiku lomwe anamaliza, chifukwa cha chisangalalo. Mu January anabwera kamodzi, ulere, n'kuphimba pomatukapo, koma wobiriwira wake sanafanane ndi woyamba, moti mundawo ukuoneka ngati mbali ina anathira feteleza, ina ayi. Patangotha masabata awiri panatupanso. Pano ndikamuimbira amati, "Mayi, lomwe likudwala ndi khoma lanu, osati penti wanga." Akufuna K80,000 ndi ya thiransipoti kuti apale m'munsi monse n'kuyambiranso.

Tsiku lina ndimapsa mtima n'kuganiza zongopaka khoma lonse penti woyera. Koma Loweruka likafika, alendo ochokera kuphiri amaimitsa galimoto kuti adzijambulitse, ndipo akatero sachoka osagula ngakhale chakumwa. Ena amabwera atandiona pa Facebook. Ndalama ija mwina inabwerera kale, sindikukana. Chomwe chikundiwawa n'kulipira kawiri pa ntchito imodzi.

Alamu ndawauza kuti amuitane, koma apale khoma mpaka pulasitala aoneke, ayike gata, apente mu September kukauma, ndipo K100,000 aigwire kaye mpaka mvula idutse. Mnyamatayo akakana zimenezo, amusiye.

K80,000 ija sindinapereke, tikukambiranabe. Pakadali pano ndakokera mabenchi awiri kutsogolo kwa munda wa tiyiwo, ndipo amene wakhalapo amandibisira miyendo ya mayi uja.