Tiyi wa chidede ndi wa jinja pa kamalo kena ku Ginnery Corner

Amene munazolowera tiyi wa Chombe wothira mkaka ndi shuga wambirimbiri, kamalo aka kakusinthani maganizo ndithu. Kali kufupi ndi Ginnery Corner, matebulo ndi ochepa, koma tiyi wawo eee ndi nkhani ina.

Masamba amagwiritsa ntchito a ku Thyolo, a Satemwa, esiteti ija inayamba mu 1923, ndiye si zoitanitsa kunja ayi, ndi zathu zomwe. Wa chidede ndi amene wandigwira mtima. Amabwera ali psuu mu tambula ya galasi, wowawasa pang'ono ngati bwemba, akathiramo ayisi ndi kauchi basi kutentha kwa Okutobala kuja umangoiwala. Mayi amene amapangawo anatichenjeza kuti musathiremo mkaka chifukwa umadula, mnzanga sanamve anathirabe, zinangochita mibulu mibulu mu kapu.

Wa jinja amasinja jinja wamuwisi inu mukuona, osati wa ufa uja, ndiye amaluma kukhosi bwinobwino, ine ndinapempha afinyiremo ndimu ndipo zinagwirizana kwabasi. Green tea wa minti yekha ndi amene sanandisangalatse, anathira madzi ongophula kumene pamoto n'kusiyanso masamba nthawi yaitali ndiye anawawa, tiyi ameneyu safuna madzi owira choncho.

Mtengo ndiwokwererapo kusiyana ndi m'matiyirumu a ku Limbe, Loweruka masana mudikiranso kaye chifukwa amapanga kapu iliyonse payokha. Ndibwereranso sabata yamawa, wa sinamoni sindinamulawe.