Amiga 500 m'bokosi la matabwa: moto tiutenge ku ATX, Mean Well kapena PicoPSU?

Amwene, inu amene mukusungabe makompyuta akalekale aja, imvani izi. Ine ndili ndi Amiga 500, mtundu uja Commodore anatulutsa mu 1987, malume ndi amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Pulasitiki yake inachita chikasu kenako inasweka pakona, ndiye ndinapita kwa kalipentala wina pa Dedza boma pano kuti andikhomere bokosi la matabwa a paini, bolodi ndi kiyibodi zikhale mmenemo. Bokosi linatuluka bho. Mutu unandipweteka pa nkhani ya moto.

Makinawa amafuna moto wa mitundu itatu, +5V, +12V ndi -12V, wonse umalowera pa pulagi ya DIN yamakona anayi ija kumbuyo. 5V ndi imene imadyetsa ma chip. -12V imafunika pang'ono chabe, ya mawu ndi serial port, koma mukaisiya nyimbo za mu gemu zimamveka zophwanyika ngati wailesi yakutha mabatire.

Chidina chake choyambirira chija, power supply imene inkabwera ndi makinawa, sindichedwa nacho. Ma capacitor ake apitirira zaka 30, changa 5V imangovinavina pa mita, ndiye ndinachiika pa shelefu. Ngati chanu chinachokera ku America ndi cha 110V, kwathu kuno ndi 230V, mukachilowetsa pakhoma mungomva fungo basi.

ATX, power supply ya mu desktop wamba, ndiye ya tonsefe. Pitani kwa aliyense wokonza makompyuta, pansi pa tebulo pali ma desktop akufa, muzula power supply pa mtengo wochepa, mwinanso angokupatsani. Mawaya ake ndi osavuta kuloweza: wofiira 5V, wachikasu 12V, wabuluu -12V, wakuda ground. Payokha siyaka, mpaka mutalumikiza waya wobiriwira, wotchedwa PS_ON, ndi wakuda, ndiye pamenepo ndi pamene mumaika switchi yanu. Koma abale chinthuchi ndi chachikulu, m'bokosi langa sichinakwane ngakhale mochipendeketsa, fani yake imalira usiku wonse komanso imakoka fumbi, kuno ku Dedza mu June munthu ukunjenjemera ndi chisanu iyo ili kalikiliki kuziziritsa kompyuta yomwe sikutentha n'komwe. China, ATX inapangidwira makina odya moto wambiri, zina zakale zikaona katundu wochepa ngati Amiga ma volts ake sakhazikika, ena amachita kuwonjezera resistor kapena hard drive yakale kuti ikhale ndi chonyamula.

Power supply ya Mean Well RT-50B kapena RT-65B imaoneka ngati anaipangira dala ntchito imeneyi. Imatulutsa ndendende atatu aja, ilibe fani, ndi yaing'ono, mawaya mumangomanga ndi zomangira zake osawotcherera, ndipo pali kosinthira kakang'ono koti mukweze kapena kutsitsa 5V. Anthu ambiri a Amiga amaikonda ndipo sindikuwatsutsa. Pa Dedza simuipeza, mpaka kuitanitsa kunja kapena kutuma wina wobwera ku Joni. Koma chimene chinandibweza si mtengo ayi. Mukaiika mkati ndiye kuti 230V yalowa m'bokosi, waya wabulauni live, wabuluu neutral, wobiriwira ndi chikasu earth, zonsezo zili pa zomangira zapoyera pafupi ndi bolodi. Onaninso msampha wake, buluu wa kukhoma ndi neutral pomwe buluu wa ATX ndi -12V, munthu wazolowera mbali imodzi akhoza kusokoneza. Bokosi lachitsulo mumalimanga ku earth, lathabwa mumanga pati? Paini wouma uja, fyuzi muike nokha, mabowo a mpweya muboole nokha, ndipo kwathu ana achemwali anga amatsegula chilichonse chokhala ndi chivundikiro. Nyumba zambiri za lendi kuno earth ya pa soketi njongokongoletsa.

PicoPSU ndi kabolodi kakang'ono ngati bokosi la machesi lalitali, kamalandira 12V DC kuchokera ku adaputa yakunja nkutulutsa ma volts a ATX. Mitundu ya moto ndi yomweyo, kuyatsa kwake ndi komweko kwa PS_ON ndi ground, -12V yake ndi yochepa koma Amiga imakhuta nayo. Ine ndasankha imeneyi chifukwa chimodzi, 230V imathera panja pa adaputa, m'bokosi mumangolowa 12V. Kuipa kwake adaputa ikakhala yachabechabe zonse zaipa, chifukwa PicoPSU wamba 12V ija imangoidutsitsa mmene yabwerera osaikonza. Ndiye inu a sola musathamange kuti eee magetsi akathima ndingolumikiza ku batire. Batire ikamatchajidwa masana imakwera kufika cha m'ma 14V ndipo PicoPSU wamba sinapangidwire moto wotere. Pamafunika mtundu uja wa wide input, umene umalandira ma volts okwera kapena otsika, apo ayi dutsani pa inverter. Zongofanizira zotchipa ziliponso zambiri pa intaneti, yezani musanakhulupirire.

Kulikonse mungapite, mita ikhale pambali. Tsiku loyamba ndinawotcherera mawaya ku pulagi ya DIN ndikuyang'ana chithunzi cha ma pin, osadziwa kuti chithunzicho chikuonetsa kutsogolo pomwe ine ndikugwira kumbuyo kowotcherera, zonse zinatembenuka ngati pagalasi. Mwamwayi bolodi ndinali ndisanalumikize. Ndinaika waya wakuda wa mita pa ground, wofiira ndikugusa pin imodziimodzi, manambala akutuluka pamalo osayenera, thukuta kuti waa ngakhale kunali kozizira. Ndinamasula zonse nkuyambiranso, pano waya uliwonse uli ndi kapepala kolembedwa ndi bolopeni.

A Commodore 64 (C64) musatengere izi zonse, yanu imafuna 5V DC ndi 9V AC, ndipo AC imeneyo palibe pa zitatuzi imene ingakupatseni, mufunika thiransifoma yapadera.

Pakali pano PicoPSU ndikuidikirabe, ndinatuma munthu. ATX ili pansi pa tebulo ikulira, mawaya anayi akukwera kulowa pa bowo lakumbuyo kwa bokosi, mita ikuwerenga 5.1V.