Kuyeza magazi a wodwala mtima mumzinda wa Tete

Amalume anga a ku Ulongué atagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya pachipatala china mumzinda wa Tete, ankabanika, ndipo miyendo inatupa moti ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Madokotala anawatenga magazi kuti ayeze NT-proBNP, yomwe imachuluka mtima ukamalemedwa, komanso troponin, yomwe imakwera minofu ya mtima ikavulala. Ndikuyamikira kuti dokotala anatifotokozera modekha, m'Chinyanja, kuti NT-proBNP ikachepera 300 kawirikawiri ndiye kuti mtima sunalephere kupopa magazi, ndipo sanatibisire kuti ukalamba ndi impso zofooka zimaikwezanso. Ya amalume inali yokwera kwambiri. Chondidandaulitsa n'chakuti zotsatirazo zinabwera madzulo, ife titakhala pakhonde kuyambira m'mawa.